Diso Lofiira la pa Pulesi

Ndinapita ine, ndinapita. Mayi wa ku Mchinji wolekeza Sitandade 2, ndinakwera ndege ndi nsapato zobwereka, ndinakatera ku Mangalande mvula ikuwaza ngati malovu. Anandiitana ndi mwana wanga Chisomo, nesi pa chipatala chachikulu cha ku Bordesley Green mumzinda wa Birmingham. Anali atabereka wachiwiri, mwamuna wake ali m'kati mwa sukulu ya zamakina ku yunivesite, ndiye anati amayi bwerani mudzandigwirire ana. Pasipoti yanga anaidinda ya mlendo wodzaona abale, miyezi yowerengeka basi. Miyeziyo inatha, ine osanyamuka. Mdzukulu wanga wamkulu Mphatso anayamba sukulu, wamng'ono Tadala anayamba nesale, ine n'kutsala ndekha m'nyumba ya ku Lozells ndi kanema wolankhula zosamveka, manja akundiyabwa.

Ku tchalitchi ndi kumene ndinapeza Esinati. Iye wa ku Chipata, ine wa ku Mchinji, maiko awiri koma mbuzi zathu zimadya dambo limodzi. Mayi wa thupi, woseka mpaka benchi kugwedera. Mwamuna wake ankayendetsa basi, mapepala awo anali oyera bwino.

"Asisi, mwabwera kudzafera pa sofa?" anandifunsa. "Tiyeni ku fakitale kwathu. Kumeneko safunsa mapepala, amafunsa manja."

Manja ndinali nawo, awiri, olima mtedza. Ndinapita.

Mukamva fakitale musaganize zoyera zija za pa kanema. Chinali chishedi cha njerwa zakuda kuseri kwa ngalande ya madzi onunkha, denga lodontha, pansi mafuta okhaokha, phokoso lolowa mpaka m'mano. Di, di, di, kuyambira m'mawa. Tinkapinda zitsulo za mipando ya galimoto, lole n'kudzazitenga kupita nazo ku Coventry. Makina opindawo dzina lake pulesi. Pulesi ndi nsagwada, anzanga, nsagwada zazitali kuposa bedi. Ya m'mwamba imatsika kudzakumana ndi ya m'munsi, ndipo chimene chapezeka pakati chimamvera, kaya ndi chitsulo kaya ndi fupa. Pa nthawi ya tiyi ndinkayang'ana mmene anthu akugwirira makapu. Uyu ndi zala zitatu. Uyo ndi manja awiri ngati mwana. Mkulu wina wa ku Jamaica, amene ankasesa, dzanja lake lamanja linathera pa mfundo, losalala ngati chinangwa chosenda. Anandionetsa tsiku loyamba, akuseka, n'kuloza pulesi ndi chibwano.

Kapitao wathu anali Trevor, ife tinkati Tireva. Mzungu wofiira khosi, makiyi m'chiuno jegede jegede, umamumva asanafike. Akapsa mtima ankaponya chimene chili m'manja. Anaponyapo sipanala, anaponyapo kapu ya tiyi wotentha. Tsiku lina anaponya chidutswa cha lata, chinauluka ngati mbale n'kukang'amba khutu la bambo wina wa ku Bangladesh. Magazi pa ovololo psuu. Anamumata pulasitala, n'kumubweza pa makina khutu likulendewera. Akadandaula kuti? Nayenso mapepala ake anali ngati anga. Lachisanu amuna akalandira ankamenyana pa geti, mabotolo kuphwanyikira m'mitu, Lolemba n'kubwera ndi maso otupa kudzabwerekana fodya. Ngakhale pa siteji ya basi anandigenda ndi botolo anthu odutsa pa galimoto, linandipeza paphewa. Ndinalitola, ndinalitsuka, ndinaikamo maluwa a Chisomo.

Koma ine ndi Esinati, ayi ndithu, ife tinali bwino. Chitsulo chachitali chimafuna anthu awiri, wina mbali ino wina mbali iyo, kuchilowetsa m'nsagwada, kubweza manja, kenako mmodzi n'kuponda chopondera kuti pulesi itsike. Wopondayo anali Esinati. Kulankhulana sikunkatheka, phokoso linkameza mawu. Ndiye tinachita zimene amayi athu anatiphunzitsa pa mtondo. Atsikana awiri mtondo umodzi, musi wina ukukwera wina ukutsika, ndipo chimene chimaletsa misi kugundana ndi nyimbo. Nyimbo imaboola phokoso pamene mawu wamba akanika. Tinapeka yathu:

Ika, ika, mwana wa eni,
chotsa manja, chotsa,
ndaponda ine, ndaponda.

Pa "ndaponda" woyambayo phazi linkatsika, di, ndipo manja anayi onse anali ali pa mimba zathu kalekale. Tinaimba m'chisanu mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, tinaimba m'chilimwe thukuta likuyenderera m'magolovesi. Azungu ankati tapenga. Atapenge ndani? Malata anatidula m'mikono, zipsera ndili nazo, koma nsagwada zija sizinalaweko chala chathu. Kumudzi kunapita malata a denga, kunapita ngolo, kunapita ng'ombe zokoka ngoloyo, zonse zotuluka mu ika, ika.

Kenako kunabwera diso.

Apongozi anga, bambo a Mphatso, anali atamaliza sukulu n'kulembedwa pa kampani yoika timakina tina tatsopano. Ine ndi apongozi sitinkayang'anana, mwambo ndi mwambo ngakhale m'nyumba yopapatiza ya ku Lozells. Tikakumana pa masitepe wina ankabwerera. Ndiye nkhani zawo ndinkazimvera kukhitchini, iwo akuuza Chisomo mokweza kuti ine ndimve. Timakinato ankati leza sensa. Kamatulutsa kuwala kowonda ngati ulusi, kofiira, ndipo chinthu chikadutsa pa ulusiwo kamadziwa. Ankati ku fakitale ya zakumwa kakuwerenga mabotolo, ku Coventry kakuyeza ngati chitseko cha galimoto chakhala bwino, m'mawerehausi osungiramo zinthu kakuimitsa ngolo zonyamula katundu munthu akadutsa kutsogolo. Ankati mabwana onse akukafuna, maoda achuluka, sabata ino Walsall, sabata yamawa Wolverhampton, munthu osapuma.

Ndiye m'mawa wina ndikukweza mutu pa pulesi, ndikuona apongozi akulowa m'shedi ndi chikwama cha zida, tayi pakhosi. Mayo ine. Ndinathawira kuseri kwa mulu wa mapaleti, matabwa osanjikirapo katundu, n'kugwada pa mafuta pomwepo. Esinati anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Bambo a Mphatso, mwawathamangitsa amayi anu. Onani mapazi awo akuonekera."

Apongozi anatembenukira kukhoma, ulemu wawo ndi umenewo. Anagwira ntchito yawo tsiku lonse, kakang'ono mbali ino ya nsagwada, kanzake mbali iyo, ulusi wofiira n'kuyala pakati, mmunsi pang'ono mwa mpeni wa pulesi. Mawaya onse anakalowa m'bokosi lotuwa la chitsulo, lomangidwa m'mbali mwa makina cha m'munsi, lokhala ndi chogwirira ndi loko. Atamaliza anaitana anthu onse, n'kutulutsa karoti m'thumba. Anazimitsa diso, anaika karoti m'nsagwada, anaponda. Phwa. Anayatsa diso, anaika wina, anaponda. Pulesi inatsika pang'ono n'kuima njii, karoti ali bwinobwino. Mkulu wosesa uja anayang'ana karotiyo nthawi yaitali.

"Anti Esinati," anatero apongozi akuyang'anabe kukhoma, "muwauze amayi kuti ulusi wofiirawu ukaona dzanja, makina aima. Asamaope."

"Asisi, akuti musamaope."

"Muwauze kuti ndamva, ndathokoza."

"Muwauzenso kuti bokosili asatsegule munthu, koma a kampani okha. Kiyi ndikusiyira akapitao."

"Akuti bokosi si lanu, musaikemo mandasi."

Diso lija, diso lija, linali labwino diso lija. Anaika pa mapulesi onse, ndipo ambulansi inaiwala njira ya ku fakitale kwathu. Koma linali ndi manyazi ngati mkamwini watsopano. Chitsulo chikabwera chokhota pang'ono, laima. Fumbi likakhala pa galasi lake, laima. Nsonga ya duku langa ikapita patsogolo, laima. Likaima, munthu ayambirenso, ndipo mulu wa zitsulo unkakwera mochedwa. Tireva ankalitukwana, ankamenya pulesi ndi nsapato zake za chitsulo kumphuno, ankati kale anthu ankadziwa kusamala manja awo okha. Apongozi sanalinso pafupi, kampani ina yaikulu inali itawakopa, ankaika maso m'mawerehausi a ku Coventry.

Ndipo manja amazolowera, anzanga. Chitsulo chikatsetsereka, Esinati ankangolowetsa dzanja kuchiwongola phazi lili pa chopondera, podziwa kuti mlonda alipo. Msana ukamuyabwa ankadutsitsa chala pa ulusi, makina njii, iye n'kudzikanda bwinobwino akuyang'ana Tireva m'maso.

"Si ine bwana, ndi diso."

Nyimbo yathu inayamba kufupika. Tsiku lina tiimbe, tsiku lina tingong'ung'udza. Tinkaimbiranji mlonda ali maso?

Tsiku lake linali la chisanu choluma, dzuwa lilipo koma lopanda ntchito. Lole ya ku Coventry inafika m'mawa n'kuima pabwalo, katundu asanakwane. Dalaivala ankaliza hutala, mabwana ankaimba foni, ndipo zitsulo za tsiku limenelo zinabwera zokhotakhota, diso likungoima, likungoima. Khosi la Tireva linachoka pofiira kufika pakuda. Belu la tiyi litalira tinapita ku kantini, iye anatsala.

Titabwerera anandiloza ndi chala.

"Iwe, kalongedze mabokosi uko. Ndiponda ndekha."

Anaima pa chopondera, Esinati anapita mbali yanga. Ine ndinali pafupi, ndikulongedza, ndikuona zonse. Ulusi wofiira unalipo, ukuwala monga mwa masiku onse. Pulesi inayamba kuthamanga, di, di, di, osaima ngakhale kamodzi. Esinati anandiyang'ana n'kukweza nsidze, ngati akuti taonani lero mkamwini wachangamuka. Kenako chitsulo china chinatsetsereka. Dzanja lake lamanja linapita lokha kukachiwongola, linadutsa pa ulusi, ndinaona kufiira kuja kutagona pa golovesi.

Nsagwada sizinaime.

Mkokomo wake sunali di. Unali ngati munthu waponda mulu wa nkhono. Esinati sanalire msanga, anangotsegula pakamwa akuyang'ana mkono wake ukuthera m'chitsulo. Magazi anatuluka m'mphepete mwa mpeni mbali zonse, anayenderera pa makina, anadontha pa nsapato zake. Pulesi itakwera, golovesi inatsalira pomwepo yophwatalala, zala zili m'kati. Apo ndiye analira, kulira kumene kunazimitsa phokoso la shedi yonse.

Tonse tinathamangira kwa iye. Ndinavula duku, ndinamanga mkono pamwamba pa chigongono, ndinakoka mfundo ndi mano. Mkulu wosesa anaukweza mkonowo m'mwamba, akumulankhula pang'onopang'ono. Wina anathamangira ku ofesi kukaimba foni. Amene mapepala awo anali ngati anga anayamba kuzemba mmodzimmodzi pa khomo la kuseri, chifukwa pamene pagwa magazi otere apolisi sachedwa. Mayi wina wa ku Ghana anandikoka ovololo.

"Mama, tiyeni. Akubwera. Tiyeni msanga."

Ndinadziwa chimene ankanena. Ndikatsala, andifunsa dzina, andifunsa pasipoti, ndipo Mphatso ndi Tadala ndidzawaonera pa zithunzi. Phazi langa limodzi linali litaloza kale ku khomo lija.

Koma ndinamva Tireva akukuwa kwa mabwana amene ankatsika masitepe a ofesi. Chizungu changa n'chochepa koma ichi ndinachimva. Ankati ndi mayiyo, wazembetsa dzanja kuseri kwa ulusi, ndakhala ndikumuletsa, amasewera ndi makina. Ndipo akukuwa choncho miyendo yake sinkapita kwa Esinati ayi. Munthu akavulala onse amapita kwa wovulalayo. Iye ankazungulira pulesi kulowera ku bokosi lotuwa lija, akusankha kiyi pa mulu wa makiyi.

Chimene chinali m'bokosimo sindinkachidziwa. Ndinangodziwa kuti akuchifuna kuposa mmene akufunira moyo wa mnzanga, ndipo akachichotsa mlandu ugwera wopanda zala.

Ndinamutsogolera. Ndinakhala pansi pa mafuta ndi magazi, msana kutsamira chitseko cha bokosi, miyendo kutambalala ngati pa siwa. Chitenje chimene ndinkamanga pamwamba pa ovololo ndinachipisa pa chogwirira, ndinachizunguliza m'chiuno, mfundo ndii, ina pamwamba pake ndii. Kenako ndinayamba maliro. Maliro enieni a kwathu, oika manja kumutu, oitana amayi ake a Esinati ku Chipata, oitana zala chimodzichimodzi ndi ntchito zake. Chala chosenda nthochi, wapita iwe. Chala choloza mwana wosamvera, wapita iwe. Azungu a ku ofesi anaima pa masitepe ngati aona njoka. Maliro otere sanawaonepo, kwawo amalira m'kansalu.

"Move," anatero Tireva.

Ine maliro.

Anandigwira akakolo n'kukoka. Chitenje chinandidula m'mimba, bokosi linalira, mfundo sinamasuke. Anandimenya theche m'nthiti ndi nsapato ya chitsulo ija, ndinamva kanthu kakuthyoka m'kati ngati nkhuni youma. Anamenyanso pomwepo. Mpweya unathawa, maliro anaduka, ndinawatolanso. Anawerama kuti alowetse kiyi pamwamba pa phewa langa, ndiye dzanja lake linadutsa pafupi ndi pakamwa panga. Ndinaluma. Ndinaluma ine, ndinaluma ngati ndikusenda mzimbe, mpaka mano anakumana ndi fupa. Anakuwa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi. Dzanja linalo, limene linali ndi mulu wa makiyi, analikunga n'kundipatsa pakamwa. Kamodzi, kawiri. Ndinalavula mano pa ovololo, atatu, oyera bwino, mlomo utang'ambika mpaka pa mphuno.

Anapita pa tebulo n'kutenga sizasi yodulira malata kuti adule chitenje. Pansi pambali panga panali chidutswa cha chitsulo chokhuthala, chotalika ngati mpini. Atayandikira ndinachigwira ndi manja awiri n'kumupatsa pa bondo, gwa, mmene timaswera chibuma chouma. Anagwada. Anadzukanso akutsimphina, sizasi ili m'mwamba, ndipo maso ake sanalinso pa chitenje, anali pa nkhope yanga. Pamenepo ndinati basi, Chisomo adzanditenga m'bokosi lina.

Tsache ndi limene linandipulumutsa. Mkulu wa ku Jamaica anasiyira ena mkono wa Esinati, anabwera ndi tsache lake lalitali atalipanira m'khwapa, n'kumugunda nalo Tireva pakhosi mpaka kukhoma. Sanakweze mawu. Anangomuonetsa dzanja lake losalala lija pafupi ndi mphuno, n'kumuuza kuti ayese.

Ambulansi inamutenga Esinati, golovesi yake ataiika m'pepala la pulasitiki. Apolisi analowa. Wapolisi wamkazi anagwada patsogolo panga, anati mayi masulani tikuthandizeni. Ine ndikulankhula magazi akuchita thovu, "Bokosi, bokosi, no open." Mkulu wosesa ndiye anawafotokozera bwino m'chizungu chawo. Ndinaona wapolisi wamwamuna akutambasula dzanja kwa Tireva, Tireva akukana, kenako makiyi jegede m'manja mwa boma. Anazunguliza tepi pa pulesi yonse, anati pasayandikire munthu mpaka abwere insipekitala woona za mafakitale. Apo ndiye ndinalola. Mfundo inali itanyowa, sinamasuke, anachita kudula.

Ku chipatala anandisoka mlomo, anandimanga nthiti, kenako anabwera ena a mafayilo. Dzina. Pasipoti. Mwakhala kuno chiyambire liti, ntchito anakulolani ndani. Nkhani ya bondo la Tireva anaisiya ataona nkhope yanga, koma ya pasipoti sanaisiye. Anati ndinyamuke, ndibwerere kwathu.

Chisomo anandipeza pa bedi atavala yunifolomu yake, maso ofiira.

"Amayi, anzanu onse anatuluka pa khomo la kuseri. Inu munatsaliranji?"

"Ndimalondera bokosi."

"Munali chiyani m'bokosimo?"

"Kaya."

"Kaya? Mwataya ana awa, mwataya mano, ine a imigireshoni akundifunsa ngati wakuba, chifukwa cha kaya?"

Pa bwalo la ndege Tadala anakana kundipsompsona, ankaopa ulusi wa pamlomo. Mphatso, amene ndinkakamutenga ku sukulu, anandigwira chala n'kufunsa, "Gogo, who's picking me up on Monday?" Apongozi ananyamula sutikesi yanga mpaka pa sikelo, anaima chapatali atayang'ana pansi, n'kuuza Chisomo kuti awauze amayi ayende bwino. Esinati sindinamuone, anali akadali m'manja mwa madokotala.

Kumudzi ndinapeza denga la malata lilipo, likuwala, koma m'nyumba mulibe mwamuna. Bambo a Chisomo anali atakwatira kwina cha ku Kapiri, ndipo popita anakwera ngolo yanga yokokedwa ndi ng'ombe zanga. Ana a mng'ono wanga anazungulira sutikesi, anapeza majuzi akale ndi mankhwala a nthiti, anabalalika. Pa chitsime ankanong'onezana kuti uyu anachita kumuthamangitsa, anamenya mzungu, taonani pakamwa. Ine ndinkawasekerera dala kuti aone bwino. Ndinatenga khasu, ndinabwerera ku mtedza wanga.

Koma funso la Chisomo linabwera nane pa ndege. Makalata ake ankanena za ana, Mphatso wapambana mayeso, Tadala wayamba kusambira, koma za fakitale ayi, ngakhale liwu. Ndinamufunsa za Esinati, anayankha kuti anasamukira ku Wolverhampton, ku tchalitchi sabweranso. Ndiye ndikupalira ndinkaganiza, bwanji ngati munalibe kanthu? Bwanji ngati Tireva ankangofuna kuzimitsa magetsi, ine n'kumuluma munthu wosalakwa, n'kusiya adzukulu anga pa geti ya sukulu popanda wowatenga? Mvula inagwa, inasiya, inagwanso, funso lili pomwepo ngati mwala m'nsapato.

Tsiku lina masana ndili pakhonde ndikusenda mtedza, lichero pamiyendo, ndinaona njinga ya kabaza ikubwera movutika, tayala lakumbuyo litaphwa ndi katundu wa munthu. Munthuyo anatsika, jasi la ku Mangalande dzuwa lonseli, dzanja lamanja atalibisa m'chitenje. Anali atabwera ku Chipata kudzamanga chiliza cha amayi ake, n'kudumpha malire pa Mwami, n'kumafunsa mudzi ndi mudzi za mayi wopanda mano amene anamenya mzungu.

"Asisi," anatero, "mwakalamba ngati chikwama."

"Inu mwanenepa ngati mwameza basi ya amuna anu."

Anakhala pansi pambali panga. Anandipatsa moni ndi dzanja lamanzere, ine ndinalikana. Ndinapisa m'chitenje n'kutulutsa lamanja lija. Panatsala chala chachikulu ndi kachala kakumapeto, pakati pali chigwa chosokedwa. Ndinaligwira, iye anayang'ana kumbali, tinakhala choncho nkhuku zikutola mtedza.

Za ulendo sindinafunse, za maliro a amayi ake ndinafunsa pambuyo pake, Mulungu andikhululukire.

"Esinati, m'bokosi muja munali chiyani?"

"Simudziwa? Zaka zonsezi?"

"Andiuza ndani?"

Anakweza dzanja lija, anatalikitsa pang'ono zala zake ziwirizo.

"Kawaya. Kotalika chonchi basi, kachikasu, kopanira uku ndi uku. Tireva anakaika pa nthawi ya tiyi. Diso linkawala, linkaona, koma mawu ake sankafika ku makina. Insipekitala anatsegula bokosi apolisi akuona, anakapeza kali pomwepo, anakajambula. Ku khoti Tireva anati sakukadziwa, iwo anati nanga kiyi ankasunga ndani. Ntchito inamuthera. Ine anandilipira dzanja langa, ndipo anawerenga pamaso pa anthu kuti sindinalakwe. Loya anandiuza kuti kawayako kakanachoka, bwenzi mlandu uli wanga, wosewera ndi makina."

"Kachikasu?"

"Kachikasu, asisi."

Lichero linagwa, mtedza unamwazika bwalo lonse. Ndinaimirira ine, nthiti zakale zikulira, ndinatchaya nthungululu yodutsa pa mpata wa mano mpaka agalu a tsidya lina anayankha. Ndinavina, ndinavina, fumbi koboo, Esinati akuomba m'manja ndi dzanja limodzi pa ntchafu. Anthu anatuluka m'nyumba, ena anachoka ku chitsime ndi ndowa pamutu, mng'ono wanga anabwera akuthamanga, akufunsa kuti kodi wabadwa ndani.

Ndinati kawaya, mng'ono wanga, kawaya kachikasu. Kanalimo.